Galimoto Yobwereka Ikaonongeka, Alipe Ndani?

Makolo anali ndi mwambi wakuti, "Khasu lobwereka silikhala kuthyoka." Ponena mau amenewa sanali kuneneza khasu, ngati kuti citsulo cidziwa dzanja la mwini wace, anali kucenjeza wobwereka kuti tsoka likonda kugwera cinthu pa tsiku lomwelo ciri m'manja mwa mlendo. Koma mwambiwo unasiya funso lina losayankhidwa, ndilo ili: khasu lija likathyoka, mwini khasu acite ciani? Alandire zidutswazo mwakacetecete, kapena aitanitse khasu latsopano la ku sitolo, ngakhale lace lija linali litatha kale ndi zaka zambiri za kulima? Funso limeneli linali laling'ono pamene cobwereka cinali khasu, nkhwangwa kapena mtondo. Masiku ano lakula, pakuti m'mizinda ya ku Migodi, makamaka ku Kitwe ndi ku Ndola, anthu abwerekana magalimoto, ndipo mtengo wa galimoto imodzi ungathe kumeza zonse zimene munthu anasunga pa zaka zace za nchito.

Kucokera ku njinga kufikira ku galimoto

Pamene migodi ya mkuwa inali kutsegulidwa, ndipo mgodi wa Nkana unayamba kutulutsa mkuwa m'caka ca 1932, amuna ambiri anacoka ku Fort Jameson, kumene lero kuchedwa Chipata, ndi ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Nyasaland, kudzafuna nchito. Cuma cacikuru ca wanchito wa masiku amenewo cinali njinga, ndipo milandu ya kubwerekana inali kuthera pa gudumu lopindika kapena unyolo woduka. Galimoto inali ya Azungu, ya kampani ndi ya boma.

Zinthu zinasintha kwambiri m'zaka za pambuyo pa 1990. Kampani ya mabasi ya boma, UBZ, inatsekedwa m'caka ca 1995; migodi imene inali m'manja mwa ZCCM inagulitsidwa, ndipo m'caka ca 2000 migodi yaikuru ya ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Chingola inalandira eni atsopano. Anthu ambiri anacotsedwa nchito, ndipo ena mwa iwo anatenga ndalama zao zopumira nagula minibasi kapena galimoto yaing'ono kuti iwadyetse. Pa nthawi yomweyo magalimoto ogwirapo kale nchito a ku Japan anayamba kulowa ocuruka, kutsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kudzera pa malire a Nakonde. Tsono mphunzitsi, namwino, kalaliki ndi wogulitsa pa msika wa Chisokone kapena wa Masala anatha kuimika Toyota yace pa khomo.

Koma galimoto siiri ngati njinga, imene ikhala pa khonde osadya kanthu. Ifuna msonkho wa mseu, inshuwalansi, ciphaso ca RTSA cotsimikiza kuti iri yoyenera kuyenda, matayala ndi mafuta; ndipo poyenda pakati pa Ndola ndi Kitwe, ulendo wa makilomita ngati 60, ilipanso pa cipata ca msonkho ca Michael Chilufya Sata. Cifukwa cace eni ambiri aituma galimoto kukadzifunira yokha cakudya, ndipo acita ici m'njira zitatu. Yoyamba ndi kuipereka kwa dalaivala amene anyamula anthu, napereka kwa mwini ndalama zopangana tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata, zotsala zikhala zace. Ndipo kuyambira pamene kampani ya Yango inafika m'Zambia m'caka ca 2022, madalaivala ambiri apeza okwera mwa kuitanidwa pa foni. Yaciwiri ndi kuibwereketsa pa mtengo kwa mnansi amene ali ndi ukwati, maliro, kapena ulendo wa kumudzi ku Katete. Yacitatu ndi kuipereka kwaulere kwa mbale kapena bwenzi, amene angothiramo mafuta. M'njira zonsezi makiyi acoka m'thumba la mwini, ndipo tsiku lina galimoto ibwera ndi citseko copindika, kapena nyali yosweka, kapena ibwera yokokedwa ndi inzace. Pamenepo funso la khasu lija lidzuka.

Magwero atatu a kuonongeka

Munthu wokwiya aona kuonongeka konse ngati kumodzi, nati, "Ndinakupatsani yabwino, mundibwezere yabwino." Mau awa amveka olungama, koma m'kati mwace muli zinthu zitatu zosiyana, zimene ziyenera kulekanitsidwa monga mkazi alekanitsa mphale, gaga ndi timiyala m'licero.

Coyamba ndi kutha. Cinthu ciri conse cogwira nchito cimatha. Matayala asalala, mabuleki adyeka, zitsulo za kunsi zilema ndi maenje amene mvula ya pakati pa November ndi April ikumba m'miseu ya m'makomboni. Citsulo cimene cakhala cikudyeka zaka zisanu cingaduke pa tsiku limene galimoto iri ndi mlendo, koma mlendoyo sindiye anacidya. Caciwiri ndi kusasamala: kuthamangitsa, kuyendetsa utamwa mowa, kupakira matumba a simenti m'galimoto ya anthu, kupatsa ciongolero mnyamata wopanda laisensi, kupitiriza ulendo injini itauma madzi ngakhale nyali yofiira yacenjeza, kapena kupita ku Kasumbalesa pamene pangano linali la ku Luanshya. Cacitatu ndi tsoka, limene akuru anati silinunkha: mwala wothawa ku gudumu la lole uswa galasi, mtengo ugwera galimoto yoima pa tsiku la mkuntho, wina aigunda usiku pamalo poimika nathawa.

Kulekanitsa kotere si nzeru ya dzulo. Hammurabi, mfumu ya ku Babulo, analembetsa malamulo ace pa mwala zaka zoposa 3,700 zapitazo, ndipo mwalawo usungidwa lero m'nyumba ya Louvre ku Paris. Galimoto ya anthu a masiku amenewo inali ng'ombe, imene anali kubwerekana pa mtengo. Lamulo linali lakuti ng'ombe yotero ikagwidwa ndi mkango kuthengo, wotaya ndi mwini; ikafa ndi kusasamala kapena kumenyedwa, wobwereka abweze ng'ombe inzace; akaiboola diso, alipe theka la mtengo wace; akaithyola nyanga kapena kuidula mcira, alipe gawo locepa koposa; ndipo ikangofa yokha ndi nthenda yosadziwika, wobwereka alumbire, namasuke. M'cilamulo ca Mose, pa Eksodo 22, mulinso kusiyanitsa kwina: wobwereka coweta kwaulere, mwini palibe, ayenera kulipa cikabvulala kapena kufa, mwini akakhalapo, salipa, ndipo cikakhala cobwereka pa mtengo, mtengowo ndiwo uyesedwa malipiro.

Pa malamulo akalewa patuluka mfundo ziwiri zimene zikhudza Kitwe ndi Ndola wa lero. Yoyamba ndi yakuti kulipa kuyenera kulingana ndi kuonongeka, diso pa mtengo wa diso, nyanga pa mtengo wa nyanga. Yaciwiri ndi yakuti kubwereketsa kwaulere ndi kubwereketsa pa mtengo si cinthu cimodzi. Wopereka galimoto kwaulere sapindula kanthu, phindu lonse liri kwa wobwereka, kotero katundu wa kusamala ulemera pa wobwerekayo. Koma wolandira mtengo walowa malonda, ndipo m'ndalama zimene walandira muli kale gawo la matayala, la mabuleki ndi la tsoka la pa mseu. Walira mvula walira matope. Mwini amene adya ndalama za tsiku ndi tsiku osapatulako za kukonzera, nafuna kuti dalaivala alipe ciri conse coduka, afuna kukolola munda osagula mbeu.

Mwini ngati woweruza pa mlandu wace

Cobvuta pa nkhani imeneyi ndi ici, kuti galimoto ikabwera yoonongeka, mwini akhala wodandaula, mboni ndi woweruza pa nthawi imodzi. Iye ndiye adziwa mmene galimoto inaliri, iye ndiye asankha makaniko, iye ndiye achula mtengo. Wobwereka aima wamanyazi, ndipo kawirikawiri abvomera zonse kuti nkhani ithe. Mphamvu yotere iyesa mtima wa munthu, ndipo mayesero ace ndi atatu.

Yesero loyamba ndi kusenzetsa wobwereka zilema zakale. Mwini adziwa kuti bampala inali yong'aluka kale, yomangidwa ndi waya. Adziwa kuti makaniko anamcenjeza mwezi watha za mabuleki. Koma pakuti citseko capindika lero, alemba zonse pa pepala limodzi. Uku ndi kuba, ngakhale kucitikira pa bwalo la nyumba yace ndi pa cinthu cace. Ndipo pa mabuleki mlandu ukula koposa, cifukwa wopereka galimoto ya mabuleki ofooka osanena waika pa ngozi moyo wa woyendetsa, wa okwera, ndi wa ana oyenda m'mbali mwa mseu. Ngozi ikacokera pa cilema cimene mwini anabisa, wolakwa ndi mwini, ndipo iye ndiye ayenera kupepesa.

Yesero laciwiri ndi kufuna catsopano m'malo mwa cakale. Mwa citsanzo, thayala limene linali litatha magawo atatu mwa anai liphulika cifukwa wobwereka anagunda mwala mosasamala. Wobwereka walakwa ndithu. Koma cimene waononga ndi gawo limodzi lotsalalo, pakuti magawo atatu aja anawadya mwini pa maulendo ace. Akagula thayala latsopano yekha, mwini atuluka m'ngoziyo wolemera koposa mmene analowera. Cilungamo cifuna kuti wobwereka apereke gawo lace, mwini naonjeze lotsala. Kapena kuti pagulidwe thayala logwirapo kale nchito lolingana ndi lija. Ngakhale makampani a inshuwalansi ayendera mfundo yomweyi, yakuti munthu abwezeredwe pamene anali, osapitirira. Comwenso ndi ndalama za masiku amene galimoto yagona ku galaja. Mwini amene adyera pa galimotoyo angathe kufunsa za masiku oyenera kukonzera, ngati kulakwa kunali kwa wobwereka. Koma sangawerenge masabata amene iye mwini anazengereza kukagula zitsulo.

Yesero lacitatu ndi kudzitengera malipiro ndi dzanja lace. Ena alanda foni, wailesi kapena bedi la dalaivala. Ena amumana malipiro a miyezi yambiri. Ena amuopsa ndi apolisi kuti acibale ace asonkhe ndalama usiku womwewo. Ngozi ya pa mseu iyenera kunenedwa kwa apolisi, ndipo kalata yao ifunika pofunsa malipiro ku inshuwalansi. Koma ngongole ya kukonzetsa galimoto ndi mlandu wa pakati pa anthu awiri, ndipo malo ace ndi bwalo la milandu. Ku Ndola ndi ku Kitwe kuli bwalo lochedwa Small Claims Court, kumene munthu adzinenera yekha popanda loya. Alipo mabwalo ena a milandu yaikuru. Wolanda katundu wa mnzace popanda ciweruzo waonjeza mlandu pa mlandu, ndipo wotaya bedi ndi mkazi ndi ana amene sanagwire ciongolero.

Pa dalaivala wa ndalama za tsiku ndi tsiku pali mau ena oonjeza. Mwini akaika mlingo wa ndalamazo pamwamba, kotero kuti dalaivala sangaukwanitse popanda kuthamangitsa, kulimbirana okwera, kapena kugwira usana ndi usiku womwe, ngozi ikagwa sangasambe m'manja. Tulo timene tinagwira dalaivala pa mlatho wa Kafue tinayambira pa pangano limene mwini anaumiriza.

Kulakwa kwa manyazi

Kuli kulakwa kwina kumene kuoneka ngati ubwino. Mlamu abweza galimoto yosweka nyali, nati, "Pepani alamu, candigwera." Mwini amwetulira nati, "Palibe kanthu alamu, ndi za pa mseu izi." Koma mtima wace uli kuwira. Akonzetsa yekha, mkazi wace aona ndalama za sukulu zikupita ku galaja, ndipo nkhani imene sinanenedwe pamaso iyamba kunenedwa kumbali, ku madzi, ku chalichi, ndi pa maliro. Patapita caka mabanja awiriwo salonjerana, ndipo mlamu uja sadziwa cimene analakwa, popeza anauzidwa kuti palibe kanthu.

Kukhululuka kwa pakamwa pokha si cifundo. Ndi ngongole yobisika imene ibala cidani. Kukadakhala bwino mwini akadati, "Alamu, nyali iyi mtengo wace ndi wakuti; ine pano zandithina, tigawane." Mau otere awawa tsiku limodzi, koma asunga cibale zaka zambiri. Ndipo wobwereka naye ali ndi mangawa ace: anene msanga cimene cacitika, asapite mobisa kwa woongola zitsulo kukapaka utoto wonyenga, ndipo asadikire kufunsidwa. Wobwereka kwaulere makamaka ayenera kuyamba ndiye kuchula za kulipa, ngakhale pa tsoka limene sanaliitane, cifukwa ulendowo unali wace yekha.

Za inshuwalansi ndi bodza lace

Ena adzati, "Nanga inshuwalansi nchito yace nciani?" Lamulo la za pa mseu la m'caka ca 2002, lomwe linakhazikitsa RTSA, lifuna kuti galimoto iri yonse ikhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena. Imeneyi ilipa anthu amene galimoto yawabvulaza, ndi acibale a amene yawapha, ndipo kawirikawiri ilipanso katundu wa ena kufikira pa mlingo wolembedwa. Koma galimoto ya mwini siikonza. Yokonza galimoto ya mwini ndi inshuwalansi yaikuru, ya mtengo wokwera, ndipo ngakhale imeneyo isiyira mwini gawo loyamba la ndalama kuti alipe yekha. Koposa apo, inshuwalansi yogulidwa kuti galimoto idziyenda maulendo a pa banja kawirikawiri siiteteza galimoto imene yabwereketsedwa pa mtengo kapena inyamula anthu olipa. Eni ambiri azindikira ici ngozi itagwa kale.

Apa ndipo pabadwira bodza. Mwini auza wobwereka kuti, "Tikanene kuti ndinali kuyendetsa ndine," kapena, "Tikanene kuti ndinu mphwanga, ndipo simunalipe kanthu." Ambiri aliyesa bodza lopanda mwini, popeza kampani iribe nkhope ndipo siilira. Koma thumba la inshuwalansi ndi cisonkho ca anthu onse olipa. Wotapamo mwa cinyengo akweza mtengo wa anzace, ndipo ena mwa iwo ndi amasiye a galimoto imodzi ngati iye. Ndiponso bodzalo limanga anthu awiriwo ndi cingwe coipa, pakuti kuyambira tsikulo yense asunga cinsinsi ca mnzace, ndipo cinyengo cikaululika onse awiri ali pa mlandu. Njira yoongoka ndi kuuza kampani poyamba pomwe nchito imene galimoto idzagwira, ndi kulipa mtengo wa nchitoyo. Kampani ikakana kulipa popanda cifukwa, liripo bungwe la boma la Pensions and Insurance Authority, limene liyang'anira makampaniwa ndi kulandira madandaulo.

Pangano lisanaperekedwe kiyi

Milandu yambiri yotere ikadatha isanayambe, anthu akadalankhulana makiyi asanaperekedwe. Ku America kuli kampani yochedwa Turo, imene inayamba m'caka ca 2010 ndi dzina la RelayRides, ndipo nchito yace ndi kukumanitsa eni magalimoto ndi anthu ofuna kubwereka pa mtengo. Kumeneko mwini ndi wobwereka sadziwana konse, kotero ajambula zithunzi za galimoto ulendo usanayambe ndi utatha, mlingo wa ndalama zimene yense adzasenza udziwika kale, ndipo mwini apatsidwa nthawi yaifupi ya kunena kuonongeka, kuti asadzabwere mwezi wa mawa ndi cilema cimene cinacitika kwina. Alendo apeza mtendere pa zinthu zimenezi. Koma ku Chimwemwe ndi ku Chifubu, kumene obwerekana ndi abale ndi anansi, anthu acita nazo manyazi.

Wina adzati, "Kulemba pangano ndi mbale wako ndi kumuyesa mbala." Mau awa ali ndi mphamvu, pakuti cibale ciyenda pa kukhulupirirana, ndipo pepala lingathe kuzizitsa mtima. Koma makolo omwewo amene analemekeza cibale sanamange ukwati popanda ankhoswe, ndipo sanapereke ng'ombe kwa woweta popanda mboni zodziwa maanga ace. Sanacite ici poyesa mkamwini wakuba, koma podziwa kuti mtima wa munthu uiwala, ndipo uiwala mokomera mwini wace. Mboni iteteza wobwereka koposa mwini, cifukwa popanda mboni mau a mwini ndiwo apambana.

Pangano lotere silifuna loya. Awiriwo azungulire galimoto pamodzi, dzuwa likali kuwala, pamaso pa munthu wacitatu, najambule ndi foni mbali zonse, matayala ndi muyeso wa makilomita. Mwini achule zilema zonse zimene adziwa, zooneka ndi zobisika. Agwirizane kumene galimoto ipita, amene adzayendetsa, katundu amene idzanyamula, ndi tsiku lobwera. Mwini aone laisensi ya woyendetsa, naye aonetse mapepala a inshuwalansi ndi kunena poyera zimene iteteza ndi zimene siiteteza. Potsiriza anene za tsoka: likagwa, adzagawana bwanji, ndipo adzafunsa makaniko uti. Ndi bwino kuti mitengo ya kukonza ifunsidwe kwa amakaniko awiri kapena atatu, wobwereka alipo, ndi kuti ciphaso ca ndalama zolipidwa cionetsedwe. Ngati pali cikole, cibwezedwe msanga galimoto ikabwera bwino. Mphindi khumi za manyazi pa ciyambi ziposa caka ca udani pa mapeto.

Malo a cifundo

Tsono ngati zonse ziyesedwa pa muyeso, cifundo cikhala pati? Ciri ndi malo ace, ndipo oyamba ndi pa mphindi imene foni ilira ndi uthenga wa ngozi. Funso loyamba la mwini lionetsa cimene iye ali. Wofunsa kuti, "Galimoto yanga iri bwanji?" pamene woyendetsa ali pa bedi ku cipatala ca Kitwe kapena ca Ndola, waika citsulo pamwamba pa mwazi, ndipo mau amenewo sadzaiwalika ngakhale galimoto itakonzedwa. Za anthu ziyambe. Za zitsulo zidikire kufikira obvulala atadzuka.

Malo aciwiri a cifundo ndi pambuyo pa ciwerengero. Coonadi cikadziwika, kuti gawo ili ndi la kutha, ili ndi la tsoka, ili ndi la kusasamala, mwini ayang'ane mphamvu ya wolipa. Dalaivala amene apeza zongokwanira ufa ndi lendi sangalipe injini pa mwezi umodzi, ndipo kumuumiriza ndi kumtuma kwa okongoza a katapira. Mwini angamlole kulipa pang'onopang'ono, angamsunge pa nchito kuti akhale ndi polipirira, angadule gawo la ngongole, kapena kuifafaniza yonse. Kukhululuka kotere ndi kwenikweni, cifukwa onse awiri adziwa kukula kwa cimene cakhululukidwa, ndipo wokhululukidwa adziwa coyamika.

Koma cifundo sicingalamulidwe, ndipo si eni onse ali olemera. Alipo mai wamasiye amene galimoto ndiyo cuma cokha cimene mwamuna wace anasiya atatha zaka zace pansi pa mgodi; ikagona, ana sapita ku sukulu. Mai wotere akafunsa malipiro ace onse kwa amene anayendetsa ataledzera, asanenedwe wouma mtima, ndipo acibale asamtsekereze pakamwa ndi mau akuti cibale ciposa ndalama. Cibale cimene cifuna kuti wosauka yekha ndiye adzitaya si cibale. Cimene cifunika kwa mwini ali yense, wolemera ndi wosauka, ndi kuti asapitirire muyeso. Cimene apereka kupyola apo ndi mphatso yace.

Yankho la funso la khasu, tsono, ndi ili. Kutha ndi kwa mwini, makamaka ngati analandira mtengo. Kusasamala ndi kwa wobwereka, ndipo alipe molingana ndi cimene waononga, osati molingana ndi mkwiyo wa mwini. Tsoka ligawidwe monga anapangana. Ngati sanapangane, wolandira mtengo asenze gawo lalikuru, ndipo pa cobwereka caulere wobwereka ayambe ndiye kutambasula dzanja. Pa zonsezi mwini akumbukire kuti caona mnzace lero, mawa cidzaona iye, pakuti palibe mwini galimoto ku Migodi amene sadzabwereka kanthu kwa mnansi, kaya ndalama, kaya nyumba ya alendo a maliro, kaya galimoto yomwe pamene yace yagona. Magalimoto a ku Japan amene adzaza miseu ya Kitwe ndi Ndola lero adzatha onse, monga zinathera njinga za makolo a ku Nkana. Koma anansi adzakhala akukumbukira kuti uje, galimoto yace itaonongeka, anayesa mnzace ndi muyeso wotani.